Zimbudzi Zoyang'ana Kubwalo

Lucius Kachingwe anabadwira tsidya la Shire, cha kwa Kawinga, koma mkazi ndi ntchito anazipezera kuno kwa Utale. Ansembe ndiwo anaona kuti mutu wa mnyamatayu umagwira. Anathandizako kuphunzitsa ana pamishoni, anakwatira m'mudzi wa Chande, kenako Boma linamutenga kukamuphunzitsa zaukhondo ku Zomba. Nkhondo yachiwiri itangotha anabwerako ali ndi kabudula wa khaki, chipewa, nsapato, njinga yakuda ndi nsungwi yaitali yoyezera kuya kwa maenje. Pamapepala anali kapitawo wa zaukhondo. Anthu, posafuna kutopetsa lilime, ankangoti Che Nsungwi.

Masiku amenewo Boma linali litangotulukira kuti anthu a m'Nyasalande ali ndi njoka m'mimba. Eni mimbawo ankadziwa kalekale, koma chinthu sichikhala choona chisanafike ku Zomba. Zimene zinasowetsa Boma tulo ndi tinjoka tating'ono toyamwa magazi m'matumbo. Munthu akadzithandiza patchire, mazira ake amatsala panthaka, amaswa m'dothi lonyowa, ndipo tiana take timaboola phazi la aliyense wopondapo osavala kanthu. Lucius anationa ndi maso ake pagalasi lokuza zinthu, tikuphiriphitha, ndipo sanatiiwale. Lamulo linatuluka lakuti nyumba iliyonse ikhale ndi chimbudzi chakechake, dzenje lomeza nsungwi yonse, pabowo pake chivindikiro.

Lucius anayambira kwa Chande komwe, pakuti wophunzitsa ukhondo sangakhale m'mudzi wauve. Nyakwawa Chande anali nkhalamba yofatsa imene inkavomera chilichonse kuti ibwerere msanga pamphasa. Okumba analipo ambiri, chifukwa amuna a m'mudzimo pafupifupi onse anali akamwini, ndipo mkamwini akakana khasu amafunsidwa chimene anadzera. Pa lamulo la Boma Lucius anawonjezerapo nzeru zake. Anati zimbudzi zikhale pamzere umodzi wowongoka, zipakidwe laimu, ndipo makomo ake onse ayang'ane kubwalo, kuti bwana akabwera azione zonse pamodzi osapondaponda m'matope.

Bwana wa zaumoyo anabweradi, mzungu wamtali wa mphuno yosupuka ndi dzuwa. Anayenda mzere wonse, akuvundukula chivindikiro apa, kununkhiza apo. Pansi panali pozira bwino, posesa. Fungo panalibe, ntchentche ngakhale imodzi. Anagwira Lucius paphewa n'kunena kuti m'dziko lonse la Nyasalande sanaonepo zimbudzi zaukhondo chotere. Ankanena zoona.

Koma Lucius anali ndi kanthu kake kamumtima. Nyumba yake inayandikana ndi ya apongozi ake, a Bernadetta, mlongo wa nyakwawa, amene analidi mwini mudzi pa zonse zofunika. Chikwatirireni mwana wawo Martina, Lucius anali asanawayang'anepo kumaso. Ankawadziwa ndi mawu, ndi chifuwa chawo chouma, ndi mapazi. Akakumana panjira ankapatukira m'udzu, chipewa m'manja, mpaka adutse. Tsono mwa nzeru zake zomwe, khomo la chimbudzi chake linalunjika pakhonde la a Bernadetta, pamene ankakhala kuyambira mbandakucha akutongola chimanga. Kuti adutse pamaso pawo, atsegule chitseko choyera, alowe, iwo akudziwa chimene walowera, zimenezo ku Zomba sanaphunzitse.

Motero m'mawa uliwonse ankakwera njinga, kuuza Martina kuti akukayendera, n'kukaitsamiritsa pa mtengo wa mthethe m'nkhalango ya kumtsinje wa Rivirivi. Ankadzitonthoza kuti munthu mmodzi sangaipitse dera lonse. Za zimbudzi za anzake zosanunkha zija sankadabwa nazo. Ankati ndi zipatso za kuphunzitsa bwino.

Lucius ndi Martina anali ndi mwana mmodzi, Ida. Awiri amene anabadwa pambuyo pake anapita ali makanda, choncho m'nyumbamo Ida akatsokomola onse ankasiya kutafuna. Anali kamtsikana kothamanga, kokwera mitengo, mano akutsogolo atangoguluka kumene. Dzinja loyamba chimangire zimbudzi zija anayamba kukhala pansi anzake akusewera. Zikhatho zinayera, masaya ankadzuka atatupa, ndipo tsiku lina Martina anamupeza akukokota dothi pakhoma n'kumadya.

Anapita naye pa kachipatala ka a Elliam, bambo wachikulire amene anaphunzira ntchito yake m'zipatala za asilikali, ndipo aliyense ankawatcha adokotala chifukwa dokotala wina kunalibe. A Elliam anakoka chikope cha m'munsi cha mwanayo ndi chala. M'kati mwake munali mbee ngati ufa woyera. Anamumwetsa mankhwala onunkha ngati palafini, n'kutsatiza mchere wotsegula m'mimba. Njoka zinatuluka, Ida anadzuka, anakweranso mitengo. Mvula isanathe anali atakhalanso pansi. Anamwanso mankhwala, anadzukanso, koma ulendo uno sanakwere mtengo.

Lucius anaganiza monga bambo. Anapalasa njinga mpaka ku Balaka, n'kugula tinsapato ta chikopa m'sitolo ya Mmwenye. A Bernadetta anatitembenuzatembenuza, ndipo kudzera mwa Martina analengeza kuti chinthu chokongola chotere sichiponda matope. Anatikulunga m'nsalu n'kutisungira Misa. Lamulungu Ida ankatinyamula m'manja njira yonse, n'kuvalira pakhomo la tchalitchi, pamene pansi panali simenti.

Dzinja lachiwiri likutha anapita nayenso kwa a Elliam, Lucius atamubereka kumsana chifukwa panjinga ankachita chizungulire. A Elliam anayang'ana chikope, anadina phazi lotupa, dzenje la chala n'kutsala pomwepo. Anatuma Martina kuti akamugoneke mwanayo pamthunzi, kenako anatembenukira kwa Lucius.

"Akapitawo, mankhwala angawa ndi poizoni waulemu. Amapha njoka n'kusiya munthu chifukwa munthu ndiye wamkulu. Mwana wanuyu akucheperachepera. Tsiku lina mankhwala sadzadziwa wamkulu ndani."

"Ndiye titani, adokotala?"

"Lero sindimupatsa. Adye nyemba, mazira, masamba, amwe a m'botolo awa owonjezera magazi. Chilimwe akapezako mphamvu ndidzamupatsa komaliza. Koma akadzazitolanso dzinja likudzali, musadzabwere naye kwa ine. Mudzapite naye kwa ansembe."

Lucius anadabwa. "Koma akuzitola kuti? Kwathu nyumba iliyonse ili ndi chimbudzi."

"Mbiri yake ndinaimva, akuti zimawala ndi usiku womwe," anatero a Elliam akupukuta manja. "Komatu benchi langali amadzaza ndi ana a kwa Chande. Inu ndinu wa kumadzi, mukudziwa za bwato. Ine ndimakapa madzi, chikho chimodzichimodzi. Phula lomatira bowo anapatsa inu."

Lucius anabwerera kumudzi Ida ali kumsana. Mumtima anali atapeza kale wolakwa. M'mudzi wa zimbudzi zoyera munali munthu mmodzi yekha wopita kuthengo, ndipo munthuyo anali atabereka mwana wake kumsana.

M'mawa mwake anatsimikiza mtima. Anavala chipewa, analunjika chitseko choyera chija ngati msilikali. Ali pakati pa bwalo anamva chifuwa chouma chija pakhonde. Miyendo inasintha yokha maganizo. Anakafika pachimbudzipo, anayang'ana denga, anagwedeza mzati umodzi ngati akuyesa kulimba kwake, n'kubwerera. Kenako anatenga kakhasu, kuti mwina akakwirire, n'kulowera kumtsinje wapansi, njira ina yosazolowera.

M'nkhalangomo anakumana maso ndi maso ndi Wadson, mkamwini mnzake, mwamuna wa mng'ono wake wa Martina. Wadson anali ndi nkhwangwa paphewa. Nkhwangwa imeneyo ankatuluka nayo m'mawa uliwonse, ndipo Lucius anakumbukira tsopano kuti sanamuonepo akubwera ndi mtengo.

"Mwadzuka bwanji, akapitawo? Mwasochera lero," anatero Wadson. "Kwanu ndi kumtunda uko, pa mthethe. Kuno ndi kwa ife anthu wamba."

"Mukunena chiyani, achimwene?"

"Njinga yanu timaiona. Sitiyandikira iyayi, timalemekeza Boma."

"Timaiona? Inu ndi ndani?"

"Tonse a nkhwangwa. Mkamwini mnzathu Che Blasius amanyamula msampha, poti iwo ndi akhristu okhwima, sakonda kunama ndi nkhwangwa."

Lucius anatsamira pakhasu. "Nanga zimbudzi zija?"

"Zili bwino kwambiri. M'changa mukufungatira nkhuku, timaitulutsa tikamva belu la njinga yanu. Akazi amazira pansi pake mlungu uliwonse. Munthu ungaipitse chinthu cha laimu?" Wadson anasamutsira nkhwangwa phewa lina. "Khomo la changa layang'ana pamtondo wa apongozi. Ine ndimati mwina inu a ku Zomba munaphunzira kulowamo osaoneka, ndiye ndimadikira kuti mudzatiphunzitse. Mpaka ndinaona njinga."

"Nanga amayi?"

"Iwo ali ndi kwawo, mbali inayo ya chitunda. Akuopa ife monga ife tikuopera iwo. Mudzi waulemu uno, akapitawo."

Wadson atapita kukadula mtengo wake wosadulika, Lucius anakwera pachulu n'kuyang'ana. Amuna mbali iyi ya chitunda, akazi mbali iyo. Pakati, potsetsereka pamene madzi a mvula a mbali zonse ankakumana, panali mitengo ya mango ya a Bernadetta, mthunzi wake wandiweyani, dothi lake losauma. Pamenepo ndi pamene ana a mudzi wonse ankaswera mango akapsa, ndipo mango amapsa mvula ikamayamba. Njira ya kuchitsime inkadutsa pomwepo. Anayamba kukumbukira ana a anzake mmodzimmodzi, mimba zazikulu, tsitsi lofiira, maso otuwa, zimene ankangoti ndi mmene ana a kumudzi amaonekera. Kwa zaka ziwiri anali akuthamanga ndi mwana mmodzi kumsana, pamene wodwala weniweni anali gone apa, mudzi wathunthu ndi nthaka yake. Anapepukidwa pang'ono kuti wolakwa sanali yekha. Kenako anakumbukira amene anasankha koyang'ana makomo, ndipo kupepukidwako kunatha.

Nzeru inali yapafupi: kukumba kumene anthu amapita kale. Akamwini anavomera msanga, Wadson akuti bola nkhwangwa zipume. Koma nkhalango, mango, akazi ndi ana, zonsezo zinali m'manja mwa a Bernadetta. Nyakwawa atafunsidwa anati ndi maganizo abwino kwambiri, afunsidwe alongo ake. Lucius anatuma Martina. Martina anapita, sanakhalitse.

"Akuti sakudziwa zimene mukunenazo. Akuti iwo sapita kulikonse."

Lucius anali atayendako m'maofesi a Boma, ndipo yankho lotere analizindikira. Anatumanso Martina ndi mawu ena ofewa. Yankho linabwera lakuti mkamwini wofunsa kumene apongozi ake amapita m'mawa akufuna kubwerera kwa Kawinga.

Masiku anapita, chimanga chinalowa m'nkhokwe, Ida ali gone pamphasa akutola mpweya ngati wakwera phiri. Tsiku lina masana Martina anamasula mbuzi yawo, anaikokera pankhokwe ya amayi ake, n'kuimangirira pamzati. Anabwera kudzaima pamaso pa mwamuna wake.

"Bambo a Ida, ine ndatopa kukhala mtengatenga wa anthu awiri opikisana manyazi mwana akutha. Amayi ali kuseri kwa nkhokwe, akusenda nandolo. Inu pitani mukalankhule ndi mbuzi. Mbuzi ilibe apongozi."

Lucius anavula chipewa. Anakanyonyomala chofulatira nkhokwe, nkhope kwa mbuzi, imene inamuyang'ana ikubzikula. Kuseri kunkamveka makoko a nandolo akuthetheka.

"Mbuzi iwe," anayamba, "ndamva kuti m'mudzi muno muli mwana akudwala."

Makoko anasiya kuthetheka. Kenako kunamveka mawu a a Bernadetta, akuthamangitsa nkhuku palichero.

"Choka apa, nkhuku iwe. Ukaiuze mbuziyo kuti mwanayo amagona ndi ine. Ndimamva mtima wake ukugunda ngati wa njiwa. Isandiuze za mwana."

"Mbuzi, matendawo sali mwa mwana yekha. Ali m'dothi la pansi pa mango. Amalowera kumapazi. Tikamuchiza iye yekha, mawa akapondanso pomwepo, ndi anzake omwe." Anatembenuza chipewa m'manja. "Amachokera kwa akulu. Akulu onse, mbali zonse za chitunda. Ndi kapitawo yemwe."

"Nkhuku, kodi si kapitawo yemweyo anatimangira timatchalitchi toyera pabwalo? Ankafuna munthu wa imvi adutse pamaso pa akamwini onse ngati mkwatibwi, atseke chitseko, mudzi wonse uzinong'onezana kuti lero akhalitsa?"

"Kapitawoyo analakwa, mbuzi."

"Wamva, nkhuku? Boma lalakwa. Kugwa matalala chilimwe chino."

Mbuzi inayamba kutafuna mlomo wa chipewa, ndipo Lucius anaileka, poopa kusokoneza zokambirana. Makoko anayambanso kuthetheka, pang'onopang'ono.

"Adokotala akuti chiyani, nkhuku?" Ulendo uno mawuwo anali otsika.

"Akuti dzinja likudzali ndi lomaliza, mbuzi, akatolanso njokazo."

A Bernadetta anasenda nandolo kwa kanthawi. Atayambanso kulankhula, analankhula ngati munthu amene anaziganizira kale.

"Nkhuku, ine sindipita kulikonse, ndanena kale. Koma alipo amayi ena amene amapita. Amenewo, kutakhala maenje kuthengo komweko, opanda laimu, makomo oyang'ana kumtsinje, mpanda wa tsekera wokhotakhota kuti wolowa asaoneke, mwina angaganizepo. Njira yake ipatuke pa njira ya kunkhuni, kuti munthu wonyamula chingwe akhale wopita kunkhuni basi. Amuna akhale ndi awo kuseri kwa chulu, kumene chifuwa cha munthu sichimveka. Okumba akakumba, achoke, aiwale. Ndipo nsungwi ija isadzaponde kumeneko."

"Nanga ana, mbuzi?"

"Ana ndi anga. Wopezeka pansi pa mango dzinja lino adzaona chimene chinameta nkhanga mpala. Mango azikathyola akulu ndi ndodo, aimire pamiyala."

Lucius anaona kuti zinthu zikuyenda, ndipo monga munthu wa Boma anafuna kuwonjezerapo. "Mbuzi, palinso nkhani ya tinsapato tija."

"Nkhuku, uiuze mbuziyo isadye mopitirira chingwe."

Zokambirana zinathera pomwepo. Koma m'mawa mwake Ida anatuluka m'nyumba ya agogo ake atavala nsapato, tsiku la Lachitatu, ndipo palibe ananenapo kanthu.

Chilimwe chimenecho akamwini anakumba, mbali iyi ndi mbali iyo, dothi louma gwa ngati mwala. Lucius anayeza maenje ndi nsungwi yake kamodzi kokha, mipanda isanamangidwe, kenako anaiwala monga mwa pangano. Anapempha a Elliam kuti m'malo modikira ana pabenchi, abwere ndi botolo lawo kumudzi, amwetse onse tsiku limodzi, akulu ndi ana, kuti pasatsale wobzala mbewu. A Elliam anang'ung'udza kuti lamulo silinena choncho, n'kubwera. Mudzi wonse unamwa palafini uja ndi mchere wake m'mawa umodzi, amuna kuseri kwa nyumba ya nyakwawa, akazi kuseri kwa nkhokwe. Zimbudzi zatsopano zinatsegulidwa tsiku lomwelo, popanda wolankhula mawu otsegulira, koma anthu anafikako ambiri.

Ida anamwa wake pomalizira, muyeso wochepa, a Elliam atamugwira dzanja. Anasanza, anazizira manja, anagona osatembenuka mpaka dzuwa linapendeka. Lucius anakhala pakhomo akupukuta njinga yopukuta kale. Chakumadzulo mwanayo anapempha phala.

Mitambo itayamba kusonkhana kumapiri a Machinga, bwana wa mphuno yosupuka anabweranso. Nkhuku ya Wadson inatulutsidwa nthawi yabwino. Bwana anayenda mzere woyera, anavundukula, ananunkhiza, anakondwa monga kale. Akubwerera kugalimoto anaona kanjira katsopano kopondeka bwino, kolowera kunkhalango, ndi nsonga za mpanda wa tsekera.

"Kapitawo, icho ndi chiyani?"

Maenje a uko analibe laimu, sanali a nyumba iliyonse, ndipo ankanunkha monga chimanunkhira chinthu chogwira ntchito. M'buku la Boma zoterezo zinali uve, ndipo uve umakwiriridwa. Akakwiriridwa, mvula ili pakhomo, anthu abwerera kuchitunda, ndipo madzi atsikiranso kumene Ida amaponda. Pamphambano ya kanjirako panali a Bernadetta, atakhala pamphasa chofulatira, akuluka nkhata, ngati akhalapo chibadwire.

Lucius sanali munthu wabodza, ndipo sananame. "Kumeneko ndi kwa amayi, bwana. Amuna safikako. Ine ndemwe sindinaonemo chimangire mpandawo."

Nkhope ya bwana inasintha. Ku Zomba kunali kutatuluka lamulo lina, la ofesi ina, lakuti miyambo ya anthu isasokonezedwe, ndipo bwanayu anali wokonda miyambo, ankasonkhanitsa mipini ndi zigoba zosema. Anavula chipewa, n'kutsitsa mawu.

"Kumakhala kuvina?"

Wadson, amene anaima chapafupi ndi akamwini anzake, anayankha mwaulemu wonse. "Kumakhalapo, bwana. Makamaka m'mawa, akachuluka pakhomo."

Bwana anagwedeza mutu ngati wamva chinthu chakuya. Analamula nyakwawa kuti malowo alemekezedwe, pasapezeke wodula mtengo kapena woyatsa moto pafupi, ndipo nyakwawa anati ndi maganizo abwino kwambiri. Podutsa pamphasa paja bwana anawerama pang'ono. A Bernadetta sanatembenuke.

Chifukwa cha mzere woyera uja, Lucius anatumidwa kukaphunzitsa midzi ina, kuyambira kwa Nkaya mpaka kwawo kwa Kawinga ndi kwa asodzi a ku Chiuta, kuti nawonso amange molunjika, apake laimu. Ntchito imeneyo anaigwira zaka zambiri, mokhulupirika, pakuti mudzi wopanda mzere unkavutitsidwa. Koma mzere ukatha sankafulumira kukwera njinga. Ankafunsa kuti mayi wamkulu wa mudziwo ndani, amuna amalowera kuti ndi nkhwangwa m'mawa, ana amaswera pati mvula ikagwa. Kwina ankamumvera, kwina ankamuuza kuti iwo sapita kulikonse. Udindo sunakwere, anapuma ntchito ali kapitawo yemweyo, ndipo anthu a midzi ina ankamukumbukira monga bambo waulemu amene anali ndi chizolowezi chachilendo cholankhula ndi ziweto.

Koma zimenezo ndi za m'tsogolo. Dzinja lija mvula inagwa yambiri. Mango ena anawolera pansi, ana akuwayang'ana chapatali ndi mtima wowawa, a Bernadetta ali pakhonde ndi kamtengo kawo. Lucius sankalimba mtima kukoka chikope cha mwana wake. Ankangomuyang'ana mapazi akamavula nsapato, kuti aone ngati zingwe zasiya mizere ya kutupa, ndipo usana wina anadzipeza akuwerengera mphasa zimene Ida wadutsa osakhalapo.

Mvula itatha, chimanga chitayamba kuuma m'minda, m'mawa wina Lucius anali atagadamiza njinga pabwalo akukonza tcheni. Anamva apongozi ake kuseri kwa nkhokwe akuitana mdzukulu wawo.

"Ida, tabwera. Ima apa. Yang'ana kumwamba. Usaphethire, iwe."

Lucius anagwira tcheni osaisuntha. Kuseriko kunali zii, nthawi yaitali kuposa imene chala chimafuna kuti chikoke chikope. Kenako kunamveka chifuwa chouma chija, ndi lichero likugwedezeka.

"Choka apa, nkhuku iwe. Kaiuze mbuzi kuti diso lafiira."

Mbuziyo inali itadyedwa pa Khirisimasi, koma uthenga unafika. Lucius anavula chipewa, anachiika pachishalo, n'kuyang'ana pamzati pamene inkamangidwa, manja ali bii ndi mafuta. Ida anatulukira kuseri kwa nkhokwe akuthamanga, anadutsa bambo ake osawaona, n'kukakwera mtengo wa gwafa, nsapato zili kuphazi.